Kupeza ndi kuika zithunzi pa webusaiti: za stock ndi za AI

Anthu amene angoyamba kumene webusaiti amandifunsa funso limodzimodzi: "Zithunzi zokongolazi ndizitenge kuti?" Ena amawonjezera kuti, "Si ndingotenga pa Google?" Masiku ano kwabweranso lina: "Bwanji ndingouza AI indipangire?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi, kuyambira posankha chithunzi mpaka chitaoneka patsamba. Gawo lachitatu, lonena za laisensi, ndalitalikitsa dala. Anthu ambiri amalidumpha, komabe makalata olipiritsa ndalama amachokera pamenepo.

Tiyambe tamvana mawu awiri. Zithunzi za stock ndi zimene munthu wina anajambula kale n'kuziika pa intaneti kuti ena azigwiritse ntchito, kwaulere kapena polipira. Zithunzi za AI ndi zimene pulogalamu imapanga potsatira mawu amene inu mwailembera, ndipo mawuwo amatchedwa prompt.

1. Yambani ndi tsamba lanu, musanayambe kusaka zithunzi

Tsegulani tsambalo, muone malo amene akufunadi chithunzi, muwalembe. Pa malo alionse dziwani zinthu zitatu: chithunzicho chikhala chopingasa kapena choimirira, chidzaoneka chachikulu bwanji, komanso ngati padzalembedwe mawu pamwamba pake. Ngati padzakhala mawu, mukufunika chithunzi chokhala ndi mbali yopanda zinthu zambiri, monga thambo kapena khoma.

Kenako gawani malowo pawiri. Pali malo oonetsa zinthu zenizeni zanu: katundu amene mumagulitsa, anthu ogwira nawo ntchito, ofesi yanu, ntchito imene munagwira. Pamenepo stock ndi AI zilibe malo. Jambulani nokha, ngakhale ndi foni, masana pafupi ndi windo. Munthu wogula akalandira katundu wosiyana ndi amene anaona pachithunzi amadziwa kuti mwamunamiza, ndipo sabweranso. Malo otsalawo, amene akungofuna chithunzi choimira ganizo, monga nkhani ya kusunga ndalama kapena ya kusintha kwa nyengo, ndi amene malangizo otsatirawa akukhudza.

2. Sakani pamalo oyenera

Aulere odziwika kwambiri ndi Unsplash, Pexels ndi Pixabay. Onse atatu amalola kugwiritsa ntchito zithunzi zawo ngakhale pa malonda, ndipo sakakamiza kutchula wojambula, ngakhale kuti kumutchula ndi ulemu wabwino. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: pakati pa zithunzi zaulere amasakanizamo zotsatsa za makampani ogulitsa, ndipo pa Unsplash zimene zalembedwa kuti Unsplash+ n'zolipira.

Mukafuna chithunzi cha malo enieni, nyama, chomera kapena chinthu cha m'mbiri, pitani pa Wikimedia Commons kapena Openverse. Kumeneko chithunzi chilichonse chili ndi laisensi yakeyake, ndiye muyenera kuiwerenga nthawi zonse.

Olipiritsa ndi monga Shutterstock, Adobe Stock, iStock ndi Getty Images. Mumalipira kusankha kochuluka komanso mapepala osonyeza kuti anthu ali pachithunzi anavomera. Ngati chithunzi chili ndi nkhope ndipo chikupita pa tsamba lotsatsa malonda, ine ndimalangiza kulipira.

Google Images si malo otengako zithunzi. Google imangokusonyezani zithunzi za eni ake zimene zili pa mawebusaiti ena. N'chimodzimodzinso Pinterest, Facebook ndi Instagram.

Posaka, lembani m'Chingerezi, chifukwa zithunzi zambiri anaziika ndi mawu a Chingerezi. Tchulani chinthu chooneka ndi maso. Mukalemba business adzakupatsani anthu ovala masuti akugwirana chanza, amene aliyense anawaona kale kambirimbiri. Mukalemba woman sewing at machine mudzapeza chithunzi chamoyo. Gwiritsani ntchito batani losankhira zopingasa kapena zoimirira, ndipo tsikani m'munsi ndithu, chifukwa zoyamba kuonekazo ndi zimene aliyense watenga kale.

3. Werengani laisensi, musunge umboni

Chithunzi chimakhala ndi mwini wake kuyambira pamene chajambulidwa. Ufulu umenewu, umene umatchedwa copyright, safunika kuulembetsa kapena kuikapo chizindikiro cha ©. Mayiko ambiri padziko lapansi anagwirizana zimenezi m'pangano la Berne Convention, limene linayamba mu 1886. Choncho chithunzi chopanda dzina la munthu si chopanda mwini. Kulemba m'munsi kuti "chithunzi: pa intaneti" kapena kutchula dzina la wojambula sikukupatsani chilolezo. Kutchula dzina la mwini njinga sikusandutsa kuba kukhala kubwereka. Chilolezo chimachokera mu laisensi basi.

Mawu oyamba osocheretsa ndi royalty-free. Ambiri akaona free amaganiza kuti n'chaulere. Tanthauzo lake n'lakuti mumalipira kamodzi, kenako mumachigwiritsa ntchito kangapo osalipiranso nthawi iliyonse. Chithunzi chimene chili ndi dzina la kampani lolembedwa mozimiririka pakati pake, chimene amati watermark, ndi chongoonetsa. Kuchidula m'mbali kapena kufufuta chizindikirocho kumangokulitsa mlandu.

Achiwiri ndi editorial use only. Chithunzi chotere mungachiike pa nkhani yofotokoza zimene zachitika, koma osati potsatsa malonda, ngakhale munachilipira. Kawirikawiri chimakhala ndi anthu otchuka, khamu la anthu kapena zizindikiro za makampani.

Achitatu ndi zilembo za Creative Commons, zimene mudzakumana nazo pa Wikimedia Commons, Openverse ndi Flickr. CC0 ikutanthauza kuti mwiniwake wasiya ufulu wake, chitani nacho zimene mukufuna. BY ikutanthauza kuti muyenera kutchula wojambula. SA ikuti mukachisintha, chimene mwapangacho chikhalenso ndi laisensi yomweyo. ND ikuletsa kufalitsa chithunzi chimene mwachisintha. NC ikuletsa kuchigwiritsa ntchito pa zamalonda, ndipo ngati webusaiti yanu imagulitsa kanthu kapena ili ndi zotsatsa, zithunzi za NC ingozisiyani.

Kutchula wojambula kuli ndi kachitidwe kake. Lembani zinthu zinayi pafupi ndi chithunzicho: mutu wake, dzina la wojambula, kumene mwachitenga ndi linki yake, ndi dzina la laisensi, monga CC BY 4.0, nalonso ndi linki. Ngati mwachidula kapena kuchisintha mtundu, nenani. Onaninso nambala ya laisensiyo. Ya 4.0 imakupatsani masiku 30 oti mukonze cholakwika kuyambira pamene mwachidziwa, koma zakale monga 2.0, zimene zili zambiri pa Flickr, zilibe mwayi umenewu: mukalakwitsa kutchula wojambula, chilolezo chatha pomwepo.

Tsopano tafika pamene ndikufuna mutchere khutu. Laisensi imakupatsani ufulu wa wojambula yekha. Munthu amene ali pachithunzi ali ndi ufulu wake, kampani imene chizindikiro chake chikuoneka pa malaya kapena pa foni ili ndi wake, ndipo mmisiri amene chojambula chake chapachikika pakhoma kumbuyoko alinso ndi wake. Pepala limene munthu amasaina povomera kuti nkhope yake igwiritsidwe ntchito pa malonda limatchedwa model release. Makampani ogulitsa zithunzi amalifuna asanalandire chithunzi cha malonda. Pa malo aulere aliyense angathe kuika chithunzi, ndipo inu simungaone ngati pepalalo lilipo. Udindo umagwera inu amene mwachiika pa webusaiti.

Ngakhale pepalalo litakhalapo, pali ntchito zina zimene malaisensi ambiri amaletsa kapena kuikira malire. Musaike nkhope ya munthu pa nkhani ya matenda, ngongole, uchidakwa, umbava kapena ndale mwa njira yoti owerenga aganize kuti nkhaniyo ndi ya iyeyo. Musatenge nkhope ya pa stock n'kulemba m'munsi mwake kuti ndi kasitomala wanu amene akuyamikira katundu wanu. Limeneli ndi bodza, komanso munthuyo ndi weniweni, ali ndi abale ndi anzake amene angachione. Pa nkhani zovuta zoterezi sankhani chithunzi cha manja, cha munthu atatembenuka, kapena cha zinthu zokhazokha. Komanso chithunzi cha stock sichingakhale logo yanu. Pafupifupi malaisensi onse amakana zimenezi.

Palinso vuto la zithunzi zobedwa, zimene wina amazitenga kwa mwini wake n'kuziika pa malo aulere ngati zake. Musanachikhulupirire chithunzi chokongola kwambiri, chiikeni mu Google Lens kapena TinEye, zida zimene zimasaka malo ena pa intaneti pamene chithunzicho chili. Mukachipeza chikugulitsidwa pa kampani ina m'dzina la wojambula wina, chisiyeni. Taonaninso tsamba la amene anachiika. Munthu amene ali ndi zithunzi zochepa, zosiyana kajambulidwe ngati za anthu khumi, ndi wokayikitsa.

Mukakhutira, sungani umboni tsiku lomwelo. Tsegulani fayilo ya Excel kapena Google Sheets, mulembe dzina la chithunzi, linki ya kumene mwachitenga, wojambula, laisensi, tsiku, ndi tsamba limene mwachiika. Jambulaninso sikirini yoonetsa chithunzicho ndi laisensi yake, muisunge mu foda imodzi ndi malisiti. Chifukwa chake n'chakuti zinthu zimasintha. Unsplash inasiya CC0 mu 2017 n'kuyamba laisensi yakeyake, Pixabay inachitanso chimodzimodzi mu 2019, ndipo wojambula angachotse chithunzi chake tsiku lililonse. Pakatha zaka zitatu, chimene chidzakuikireni umboni ndi fayilo yanuyo.

Ngati webusaiti anakupangirani munthu wina, mufunseni mndandanda umenewu musanamalize kumulipira. Funsani makamaka za zithunzi zimene zinabwera ndi theme, kutanthauza chikombole cha maonekedwe a webusaiti. Nthawi zambiri zimenezo n'zongoonetsera, ndipo laisensi ya theme siziphatikiza.

4. Ngati mwasankha AI

Mapulogalamu odziwika ndi ChatGPT, Gemini, Midjourney, Adobe Firefly, Microsoft Designer, ndi zida za AI za mu Canva. AI imathandiza kwambiri pamene mukufuna zithunzi zingapo zofanana kalembedwe, kapena chithunzi cha ganizo limene kamera singalijambule.

Prompt yabwino imatchula chinthu chachikulu, zimene chikuchita, malo, kuwala, mtundu wa chithunzi, kaya chonga cha kamera kapena chojambula pamanja, ndi kukula kwake. M'malo molemba kuti "munthu akugwira ntchito", lembani kuti: bambo wazaka za m'ma 50 akukonza wailesi patebulo lamatabwa, kuwala kwa m'mawa kukulowera pawindo, chithunzi chopingasa, mbali ya kumanja yopanda kanthu. Mapulogalamu ambiri amamva bwino Chingerezi kuposa zilankhulo zina, ndiye masulirani. Anthu afotokozeni bwinobwino, msinkhu, khungu ndi zovala, chifukwa mukasiya, pulogalamuyo imangobwereza mtundu wa anthu umene unali wochuluka m'zithunzi zimene inaphunzirirapo. Kukula kutchuleni poyamba pomwe, monga 16:9 pa chithunzi chopingasa. Mu Midjourney mumalemba --ar 16:9 kumapeto. Mukapeza prompt imene yakukomerani, isungeni, muzingosintha chinthu chachikulucho kuti webusaiti yonse ioneke yamtundu umodzi.

Chikatuluka, chikulitseni pa sikirini yaikulu n'kuchiyang'ana pang'onopang'ono. Werengani zala. Onani mano, makutu, magalasi a maso, miyendo ya mipando, mithunzi, ndi nkhope za anthu a kumbuyo. Werengani mawu alionse olembedwa pa zikwangwani. Mapulogalamu atsopano amalakwitsa mochepa kuposa akale, koma amalakwitsabe. Ngati chithunzi chikuonetsa ntchito ya luso, monga kulumikiza mawaya amagetsi kapena kubaya jakisoni, muonetseni wodziwa ntchitoyo, chifukwa AI imatha kujambula chinthu chokongola koma cholakwika moopsa. Mawu a mutu musawaike m'chithunzi. Alembeni pa webusaiti penipeni kuti awerengeke pafoni komanso Google iwaone.

Malamulo aliponso pa zithunzi za AI. Werengani zimene pulogalamuyo ikunena pa nkhani ya malonda, chifukwa zimasiyana pakati pa akaunti yaulere ndi yolipira. Pa Midjourney, mwachitsanzo, zithunzi zanu zimaoneka kwa anthu ena pokhapokha mutalipira pulani imene imalola kuzibisa. Dziwaninso kuti mwina simungaletse wina kukopera chithunzi chanu cha AI. Ku America, ofesi yoona za copyright inanena mu 2023 kuti chimene makina apanga popanda luso la munthu sichingalembetsedwe, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo. Pa chifukwa chimenechi, logo yopangidwa ndi AI yokha sindiilimbikitsa.

Mu prompt musatchule munthu weniweni, chizindikiro cha kampani, zidole zotchuka za m'mafilimu, kapena dzina la mmisiri wamoyo kuti pulogalamu imutsanzire. Ndipo musagwiritse ntchito AI kuonetsa chochitika chenicheni, monga ngozi, msonkhano kapena anthu amene bungwe lanu lawathandiza. Paliponse pamene wowerenga angaganize kuti chithunzicho ndi chenicheni, lembani m'munsi kuti "Chithunzi chopangidwa ndi AI". Mawu anayi okhawo amateteza chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa inu. Lembaninso mu fayilo yanu ija dzina la pulogalamu, tsiku ndi prompt.

Kumbukiraninso kuti m'malo ena a stock tsopano muli zithunzi za AI. Adobe Stock imazilemba chizindikiro ndipo ili ndi posankhira kuti zisaoneke.

5. Konzani fayilo musanaiike

Chithunzi chochokera pa stock chimatha kukhala ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) 5000 m'lifupi ndi kulemera 5 MB kapena kuposa. Zikakhala khumi patsamba limodzi, mlendo wanu akukoka 50 MB kuti angowerenga ndime zochepa, ndipo amene ali pa intaneti yofooka amachoka tsamba lisanatseguke.

Choyamba chiduleni kuti chigwirizane ndi malo ake. Kenako chichepetseni. Chodzaza sikirini yonse chimakwana pa ma pixel 1600 mpaka 2000 m'lifupi, cha m'kati mwa nkhani pa 800 mpaka 1200. Chimene chimaoneka anthu akatumizirana linki pa Facebook kapena WhatsApp chimakhala bwino pa 1200 ndi 630.

Pa mtundu wa fayilo, WebP ndi imene ndimasankha pa zithunzi zambiri, chifukwa ndi yopepuka ndipo mabulawuza onse amakono amaitsegula. JPEG ndi yabwinobe pa zithunzi za kamera. PNG isungireni zojambula za mizere yakuthwa kapena zofunika kumbuyo koonekera, ndipo SVG ndi ya logo ndi tizizindikiro. Mapulogalamu ambiri a AI amapereka PNG yolemera, ndiye musaiike mmene ilili. Tsegulani Squoosh kapena TinyPNG, zida zopeputsira zithunzi, zonse n'zaulere pa intaneti. Squoosh imakuonetsani chithunzi chakale ndi chatsopano moyandikana, ndiye tsitsani quality mpaka muyambe kuona kusiyana, kenako mukwezeko pang'ono. Ine ndimayesetsa kuti chachikulu chisapitirire 300 KB, ndipo za m'kati mwa nkhani zikhale cha m'ma 100 KB.

Sinthani dzina la fayilo. IMG_4471.jpg siuza aliyense kanthu, lembani bambo-akukonza-wailesi.webp, zilembo zazing'ono, timizere m'malo mwa mipata. Fayilo yoyamba ija, yaikuluyo, isungeni padera.

6. Iikeni pa webusaiti

Pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, tsegulani tsamba, dinani chizindikiro cha +, sankhani Image, kenako Upload. WordPress imalandira WebP kuyambira pa WordPress 5.8 ndipo imapanga yokha makope aang'ono a mafoni. Pa Wix, Squarespace ndi Shopify njira yake ndi yofanana, mayina a mabatani okha ndi amene amasiyana. Ngati mumalemba HTML nokha, mzere wake ndi uwu:

`<img src="bambo-akukonza-wailesi.webp" alt="Bambo akukonza wailesi patebulo" width="1200" height="800" loading="lazy">`

Manambala a width ndi height amachititsa kuti bulawuza isungiretu malo, mawu asamadumphe chithunzi chikamatseguka. Mawu akuti loading="lazy" amachedwetsa chithunzi mpaka wowerenga atatsikira pamene chili. Pa chithunzi chachikulu cha pamwamba penipeni musawaike, chifukwa chimenecho chiyenera kubwera msanga.

Bokosi la alt text musalisiye. Amenewa ndi mawu amene pulogalamu yowerengera anthu osaona imawatchula mokweza, ndipo ndi amene amaoneka chithunzi chikakana kutseguka. Lembani chiganizo chimodzi chachifupi chonena zimene zili pachithunzi, m'chilankhulo cha tsambalo. Musayambe ndi "chithunzi cha", ndipo musadzazemo mawu ofuna kukopa Google. Chithunzi chongokongoletsa chisiyireni alt yopanda kanthu kuti pulogalamuyo ichidumphe. Dzina la wojambula ndi laisensi siziikidwa mu alt. Malo ake ndi caption, mawu ooneka m'munsi mwa chithunzi.

Musalumikize chithunzi mwachindunji kuchokera pa webusaiti ya munthu wina, zimene amati hotlinking. Mumamudyera mwiniwakeyo intaneti yake, ndipo tsiku limene adzachichotse kapena kuchisintha, tsamba lanu lidzasintha nalo.

7. Yesani pafoni

Tsegulani tsambalo pafoni, ndi data osati Wi-Fi. Onani ngati mitu ya anthu sinadulidwe, chifukwa chithunzi chopingasa chimadulidwa m'mbali pa sikirini yopapatiza. Onani ngati mawu a pamwamba pa chithunzi akuwerengeka. Ngati sakuwerengeka, detsani chithunzicho pang'ono. Ikani linki mu PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, idzakuuzani zithunzi zimene zikulemera. Pomaliza dzitumizireni linkiyo pa WhatsApp muone chithunzi chimene chikutuluka.

8. Kalata yonena za chithunzi ikabwera

Pali makampani amene ntchito yawo ndi kusaka zithunzi za ojambula pa intaneti n'kutumiza makalata ofuna malipiro. Kalata yotere musainyalanyaze, komanso musathamangire kulipira kapena kudina linki zake, chifukwa akuba nawonso amatumiza makalata ofanana nawo. Fufuzani dzina la kampaniyo panokha, mupemphe umboni woti iwo ndi eni chithunzicho kapena akuimira mwiniwake. Kenako tsegulani fayilo yanu ya umboni. Ngati muli ndi laisensi, atumizireni linki, tsiku, lisiti ndi chithunzi cha sikirini chija. Ngati mulibe, chotsani chithunzicho patsamba komanso mu Media Library, mmene webusaiti imasungira zithunzi zake, chifukwa chikangochotsedwa patsamba pokha, linki yake imakhala ikugwirabe ntchito. Dziwani kuti kuchichotsa sikufafaniza nthawi imene chinalipo, ndiye akhoza kufunabe ndalama. Ngati ndalamazo ndi zambiri, onanani ndi loya wodziwa za copyright m'dziko lanu musanayankhe chilichonse chovomera mlandu.